Agogo Anu Ankameta Mbali Imodzi

Takhala apa Tadala, pakati pa miyendo yangayi, ndipo mutuwo usamautembenuze uku ndi uku. Chipeso chili kuti? Ulusiwo undipatsenso. Inu awirinu, Yamikani ndi iwe Pilirani, taikani kaye pansi mafoniwo. Chibwerereni kutchalitchi mwangokhalira kukokanakokana za chisankho, mpaka tiyi wazizira m'makapu. Uyu akuti wake ndi mngelo, uyo akuti wake ndiye adzagwetse chakudya kuchokera kumwamba. Ha! Ana inu, kuvota simunavotepo ndi kamodzi komwe, zala zanu sizidziwa inki, koma makani ngati munabadwira ku nyumba ya malamulo.

Ndiye iwe Tadala, poti chaka chino walembetsa, wandilowera m'nyumba ndi nkhope ya bambo wa eni ake pachifuwa. Ayi, usavule, tisheti ndi yako, anakupatsa okha. Kungoti ine ndikaona nkhope ya munthu pansalu mtima wanga umapita kutali. Khala phee ndizikuluka, ndikuuzeni za agogo anu aamuna, a Zuze, amene mumangowadziwira pachithunzi chili pakhomacho. Pamene ankatisiya iwe unali ku mkombaphala, Yamikani ali kumbuyo, Pilirani kunalibe.

Ife kuno ku Bangwe tinabwera pa sitima. Masiku amenewo inkachoka kwathu ku Nsanje n'kumakwawa tsiku lonse, kuima paliponse pamene pali munthu ndi mtolo. Ndinakwera ndi mphasa yopinda, kamphika, ndi thumba la mlamba wouma umene amayi anga anandimangira, ati ku tauni anthu amafa ndi nkhuli. Titatsika pa Limbe ndinalira. Kuzizira kwake! Kwathu munthu umagona osafunda, kuno chifunga chimatsika m'phiri la Mpingwe n'kukulowa m'mafupa. Agogo anu anangondiseka, ati lira lero, mawa uzolowera. Ndinazoloweradi, koma mpaka pano ndikadya nsomba za mufiriji zanuzi ndimakumbuka mlamba uja. Inu simudziwa ndi nyika yomwe, mizu yakuda ija tinkazula m'dambo chaka cha njala. Mutaiona mungati ndi makala, iwe Pilirani ungathawe kumene.

Ntchito ya kufakitale imene inatibweretsa kuno itatha, agogo anu anayamba kumeta. Osati zanu za lerozi, zolowa m'kanyumba ka malata mukulira gumbagumba, magetsi akathima munthu n'kutsala mutu theka. Iwo anali ndi mpando wa thabwa pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, kagalasi kokhomera pa mtengo pomwepo, lumo lonolera pa lamba, ndi makina a pamanja aja okhala ngati nkhanu, ofinya ndi zala, kacha kacha kacha. Makinawo alipo mpaka lero, ali m'sutikesi mwanga. Ine ndinkakhala chapafupi ndi beseni langa la zitumbuwa, ndiye zonse ndikukuuzanizi ndinkaziona ndi maso angawa.

Nthawi ya chipani chimodzi pampando umenewo pankakambidwa za mpira ndi za mvula basi, chifukwa sunkadziwa kuti amene wakhala pambali pako akakutula kuti. Zipani zitachuluka, pakamwa pa anthu panatseguka. Aliyense wobwera kudzametetsa ankafika ndi mtsogoleri wake, ndipo wa mnzake ankasanduka satana. Apa ndi pamene agogo anu anayamba khalidwe limene linawatchukitsa Bangwe yense mpaka ku Namiyango.

Munthu akakhala pampando n'kuyamba kutama mtsogoleri wake, iwo ankamuthandiza kutamako, mwinanso kumuposa mwini wakeyo. Uku akumeta mbali ya kumanja, kacha kacha, mpaka kuyera. Akamaliza mbali imeneyo ankapukuta makina, kuwaika m'thumba la malaya, n'kukakhala pa muzu wa mango.

"Bwanji a Zuze, mwatopa?"

"Ayi achimwene, ndikudikira. Zabwino zake tamva. Tsopano tandiuzeni chimodzi chokha chimene munthu wanuyo amalakwitsa, timete mbali inayi."

Tangoganizani! Bambo wamkulu ndi ndevu zake, mutu mbali imodzi woyera, mbali ina tchire, odutsa akufa ndi phwete. Kuthawa sangathawe. Ankayamba n'kukalipa, kenako kuseka, kenako kunong'ona: "Chabwino, ndi wokonda kulonjeza." Iwo n'kuti, "Eya, maso ayamba kutseguka. Nanga uja mumadana naye uja, chabwino chake n'chiyani?" Apa ndiye ambiri ankatuluka thukuta. Kondakitala wina wa minibasi anaganiza mpaka galimoto yake inamusiya, pomaliza anati, "Amavala bwino." Agogo anu anati nazonso n'zabwino, makina n'kutuluka m'thumba. Ndipo chodabwitsa, anthu sankathawa mpando umenewo. Ankabweranso, ena atakonzekeratu yankho kunyumba.

Chaka cha chisankho chimene ndikufuna kukuuzanichi opikisana akuluakulu analipo angapo, koma agogo anu sankawatchula mayina, anali ndi mayina awoawo. Panali Wopatsa, panali Waukali, panali Wamabuku. Tikaweruka ankawayala pamphasa mmodzimmodzi ngati tomato wa pamsika. "Amake Lukasi," ankatero, kutchula dzina la abambo anu, "Wopatsayu dzanja lake ndi lofewa, amadziwa kuseka ndi anthu wamba, ukamuona suopa. Koma munthu wogawa pamsonkhano ndimafuna ndidziwe kumene watapa. Waukali akanena kuti msewu umangidwe umamangidwadi, ndipo akuba amamuopa. Koma tsiku limene adzalakwitse, ndani adzalimbe mtima kumuuza? Wamabuku zachuma amazidziwa, ukamumvera pa wailesi umachita kugwedeza mutu. Koma mtengo wogayitsira ndowa ya chimanga saudziwa, ndipo akamalankhula amayang'ana pamwamba pa mitu yathu."

Ine n'kufunsa, "Ndiye inu muvotera uti?" Iwo n'kungoseka. Tinagona mphasa imodzi mpaka imvi kutuluka, koma amene ankamuvotera sindinamudziwe. Tsiku lovota tinkapitira limodzi ku sukulu ya pulaimale, kuima pamzere umodzi, aliyense n'kulowa yekha. Pobwera ankangondionetsa chala chakuda, n'kupempha madzi akumwa.

Nanenso sanandisiye. Panali wopikisana wina wochokera kwathu kuchigwa, ndipo ine ndinali nditamaliza kale kuganiza: wakwathu basi, kaya ali bwanji. Tsiku lina pa mpopi ndinauza agogo anu kuti anditwike ndowa. Anainyamula kufika paphewa langa, n'kuima pomwepo. "Wakwanu uja amalakwitsa chiyani?" Madzi akundidonthera m'khosi, azimayi pamzere akugwa ndi kuseka. Ndinati, "Bambo a Lukasi, mundithyola msana!" Iwo, "Chimodzi chokha." Ndinati, "Chabwino, chisankho chikatha kwathu safikako!" Ndowa inakwera pamutu. Tsiku limenelo ndiwo ndinawathirira tsabola wambiri dala, anadya akulira, osadandaula.

Tadala, ndati usagwedeze mutu, mzere ukhota.

Munthu mmodzi yekha ndiye anawakanika, a Chikopa. Nyumba yawo ndi ija ili kuseri kwa chigayo, imene pano anaisandutsa shopu. Anali mnzawo wa agogo anu wa ponda apa nane mpondepo. Loweruka lililonse bawo pakhonde pano, kunyozana, kuseka mpaka kutsokomola. Ndipo ndinene mbali zonse, poti ndi mmene anandiphunzitsira: a Chikopa sanali munthu woipa. Abambo anu ali mwana anakomoka ndi malungo, agogo anu atachoka. Ndi a Chikopa amene anamubereka kumbuyo n'kuthamanga naye ku chipatala mvula ikugwa, ine ndikungolira pambuyo. Zimenezo sindidzaiwala.

Koma anadzasankhidwa kukhala tcheyamani wa chipani cha Wopatsa m'dera lino. Anayamba kuyenda ndi baji pachifuwa, anyamata pambuyo. Tsiku lina anakhala pampando wa pansi pa mango n'kuyamba kutama bwana wawo, agogo anu akuvomereza: "Zoona, dzanja lofewa. Zoona, munthu wa anthu." Mbali imodzi itayera, makina m'thumba.

"A Zuze, zachibwanazo muzichita ndi ena. Ine ndine tcheyamani."

"Tcheyamani ndiye amadziwa zambiri. Chimodzi chokha, achimwene."

"Bwana wanga alibe cholakwa."

"Kodi ndi munthu, kapena anatsika kumwamba?"

Anthu anaseka, ndipo kusekako ndi kumene kunaononga zinthu, chifukwa anyamata a chipani aja anali pomwepo akumvetsera. A Chikopa anakhala pampandopo mpaka mthunzi unasuntha, nkhope ili ndwii. Ine ndinkatsinzinira agogo anu kuti malizani, iwo osandiyang'ana. Kenako a Chikopa anavula nsalu ya pakhosi, kuiponya pansi, n'kumapita ndi mutu wawo wa theka ataufunditsa nyuzi. Anakamalizitsa ku Limbe.

Kuyambira tsiku limenelo bawo linafa pakhonde pano. Agogo anu ankati abwera, mkwiyo ukatha. Loweruka lililonse ankalitulutsa, kuika nkhomo m'maenje mwake, dzuwa likapendeka n'kulilowetsanso. Ine ndinkawauza kuti pitani mukapepese, munamuchititsa manyazi mnzanu pamaso pa ana. Iwo ati ndikapepesa ndiye kuti ndavomera kuti kuli munthu wopanda cholakwa. Onse awiri anali ouma mutu, ndisakubisireni. Chilema cha agogo anu chinali chimenecho: ankadziwa kufunsa, koma kugonja ayi.

Nthawi imeneyo kunali kutabwera mchitidwe wonyansa. Kampeni ikafika, maliro ankasanduka msonkhano. Munthu akangomwalira, andale ankathamanga kuposa abale, atanyamula bokosi, matumba a ufa ndi nsalu za chipani. Kale maliro anali a anansi ndi mpingo. Uyu abweretse nkhuni, uyu kaufa m'mbale, amuna akhome bokosi ngakhale ndi matabwa a chitseko, ndipo munthu ankapita mwaulemu. Nsaluzo nane ndinkalandira, ndisaname, ya uyu ndi ya uyo, poti nsalu ndi nsalu. Ina ndinkakuberekera iwe Tadala, ina inkatchinga pakhomo la bafa. Agogo anu pa zimenezo analibe nazo mawu.

Koma tsiku lina tinapita ku maliro ku Namiyango. Tinapeza bokosi lakutidwa ndi nsalu ya nkhope, anyamata akuimba nyimbo zonyoza chipani china, mayi wamasiye akungoyang'ana. Titabwerera pakhomo pano agogo anu anati:

"Amake Lukasi, ndikupempha ziwiri. Ndikadzafa mudzandipititse kwathu, ndikagone pafupi ndi amayi. Chachiwiri, musadzandifunditse nkhope ya munthu. Wamoyo akatopa nayo nsalu amavula, nanga ine ndidzavula bwanji? Ndidzapite ndi mtanda ndi nyimbo za kwaya, basi."

Ine ndinati, "Mufa liti inu, mwamuna wodya chonchi?" Tinaseka. Sindinkadziwa kuti ndi chaka chomwecho, ndiponso kuti mapempho awiriwo adzalimbana okhaokha.

Kunali kutatsala pang'ono kuvota, chimanga chikuuma m'timinda ta m'mbali mwa phiri. Anagwa pansi pa mango pomwepo, makina ali m'manja. Anzathu a pamsika anathamanga nawo ku chipatala chachikulu, koma anatisiya komweko osalankhulanso.

Ana inu, simudziwa kukhala namfedwa. Amakukhazika pamphasa m'siwa, azimayi atakuzungulira. Duku amakumanga ndi ena, madzi amakumwetsa ndi ena, ntchito yako ndi kulira. Nkhani zonse zimakambidwa panja pagulu la amuna, iwe umangomva mphepo yake. A mphakati wathu, anzathu aja timapemphera nawo m'makomo, anasonkha zimene akanatha. Zinakwanira bokosi wamba ndi manda a konkuno. Za galimoto yopita ku Nsanje panalibe ndi poyambira pomwe, abambo anu ntchito inali itangowathera kumene.

M'mawa mwake ndinamva magalimoto panja. Anayamba kufika a chipani cha Waukali, ati malemuwa anali athu, ankatama bwana wathu pamaso pa anthu. Asanakhale n'komwe anatulukira a Chikopa, limodzi ndi bambo amene ankafuna mpando wa phungu, ati bodza limenelo, a Zuze anali athu, mboni zilipo. Onse ankanena zoona, ana inu, ndiye pamene pankawawa. Agogo anu anawatamadi onsewo. Kungoti aliyense anasunga mbali imene inamukomera, inayo anaitaya. Anakangana pabwalo langa ili ngati oitanira minibasi akulimbirana munthu pa siteji, mtembo uli ku mochale. Anapambana ndi a Chikopa, chifukwa iwo anabwera ndi lole.

Lukasi analowa m'siwa n'kugwada patsogolo panga, maso ali psuu.

"Amayi, galimoto yapezeka. Ababa apita kwawo."

Ndinati, "Nanga nsalu?"

Anayang'ana pansi. Ndinati, "Lukasi, abambo ako ananena ziwiri."

"Amayi, ziwirizo sindingazithe. Ndikakana nsalu, lole ibwerera. Ndiwaike kuno kwa eni, kwawo anthu akumba kale manda?"

Ndisanayankhe, mlamu wanga, mkulu wawo wa agogo anu, anasuzumira pakhomo. "Mlamu, inu lirani. Izi zisiyireni amuna." Azimayi anandigwira mapewa n'kuyambitsa nyimbo, mawu anga anamira momwemo.

Musakawafunse abambo anu mokalipa za nkhaniyi. Anali mnyamata, m'thumba mulibe kanthu, anasankha chimene anaona kuti n'chachikulu. Mpaka lero akaona nsalu za chipani amayang'ana kumbali. Iwe Tadala, ukuganiza kuti n'chifukwa chiyani m'mawa uja atakuona ndi tishetiyo anangotuluka osamwa tiyi?

Mtembo utafika, akatekisiti anabwera ndi a kwaya atanyamula mtanda. Bokosi linali lokongola, ndivomere, lonyezimira, zogwirira zake ngati golide. Pamwamba pake anayalapo nkhope ya Wopatsa ikumwetulira. Akatekisiti anaima. Anati, "Nsaluyi ikachoka, m'bale wathu timuperekeza mpaka kumanda. Ikakhala, tipemphera pano tibwerera." A Chikopa anati mwini galimoto sangalole. Ndiye a kwaya anaimba nyimbo imodzi pabwalo pano, ija agogo anu ankaing'ung'uza akamanola lumo. Itatha, mtanda unatembenuka n'kumabwerera ku tchalitchi. Ndinauyang'ana mpaka unakhota pa chigayo.

M'lole munadzaza anyamata amene sindinawaonepo, ena akununkha kachasu. Tinatsika mapiri a ku Thabwa, msewu wokhotakhota uja, kutentha kwa kwathu kukutilandira pang'onopang'ono, Shire akuoneka m'munsi. Ulendo umenewu tinkaukamba kawirikawiri ndi agogo anu, kuti tikadzakalamba tidzatsika limodzi, tikalime mapira, tikafere kotentha. Tinatsikadi limodzi. Koma njira yonse, pa Nchalo, pa Ngabu, pa Bangula, paliponse pamene pali anthu, anyamata aja ankamenya m'mbali mwa lole, akuimba za voti. Anthu m'misika ankaomba m'manja, kuyesa ndi kampeni ikudutsa. Ine dzanja langa ndinalilowetsa pansi pa nsalu ija n'kugwira thabwa la bokosi, kuti mwina adziwe kuti ndilipo.

Kumanda analankhula a Chikopa, ndipo mawu awo sanachoke m'makutu mwangamu. "Malemuwa anandiuza ndi pakamwa pawo kuti bwana wathu ndi wa dzanja lofewa, munthu wa anthu. Tikafuna kuwalemekeza, tikavote monga akanavotera iwo."

Ndinakuwa. Ndinati, "Malizani! Nenani mbali inayo!" Koma mawu a namfedwa amawamvera ndani? Anthu anati chisoni chamukulira, n'kundikokera pamthunzi. Okumba manda anafuna kuchotsa nsalu asanatsitse bokosi, anyamata aja anati isiyeni, apite nayo. Dothi linagwera pankhope ya Wopatsa, ndipo pansi pa nkhope imeneyo panali mwamuna wanga. Munthu amene sanauze ndi mkazi wake yemwe amene ankamuvotera anapita m'manda atavala chipani.

Tsiku lometa maliro litafika, anandimeta ndi makina omwe aja, poti ndinali nditawamangirira pansonga ya chitenje. Anandimeta mutu wonse kamodzi, osaima pakati, osandifunsa kanthu. Pamenepo ndi pamene ndinadziwa kuti apitadi.

Chisankho chinachitika. Ena anavina, ena analira kuti awabera, monga mwa nthawi zonse. Bambo wa lole uja analowa uphungu, ndipo kuno tinadzamuonanso atanenepa, akufuna mavoti ena. Zaka zinadutsa. Tinaima pamzere wa chimanga, tinaona mizere ya mafuta, tinagula shuga mobisa. Tinaonanso zaka zokolola bwino ndi misewu yatsopano, ndisangonena zoipa zokha. Atsogoleri anabwera n'kupita, aliyense ndi chabwino chake ndi chilema chake, monga ankanenera agogo anu. Nthawi iliyonse kampeni ikayamba ndinkalakalaka nditamva mmene akanawayalira pamphasa atsopanowa. Koma mtengo wa mango uja anaudula, pano pali kontena yogulitsa mayunitsi. Inu mumakangana pa mafoni ndi anthu oti simukuwaona, ukatopa naye umangomuzimitsa. Palibe amene amakhala pansi kudikira mnzake kuti amalize kuganiza.

A Chikopa chipani chinawataya ngati chitsononkho. Mpando wawo anatenga ndi mmodzi wa anyamata omwe aja. Tsiku lina masana ndikusankha nyemba pakhonde pano, ndinaona nkhalamba ikubwera ndi ndodo. Sindinawazindikire msanga. Anaodira, n'kukhala pa mpando wa thabwa wakhalira Yamikaniwo. Eya, ndi womwe uja wa pansi pa mango, usadzuke. Kenako anavula chipewa, tsitsi lili mbuu, losapesa.

"Mayi a Lukasi, cholakwa chija ndinkachidziwa tsiku lomwe lija. Munthu uja ankagawa za eni, ndipo sankafuna kumva mawu akuti ayi. Chinali pakamwa pangapa. Ndinaopa anyamata aja, kuti akakanena andichotsa."

Ndinati, "Nanga kumanda kuja munaopa ndani?"

Misozi inkangotsikira m'ndevu. Patapita nthawi anati, "Makina aja alipo?"

Ndinati, "Alipo. Koma wometa ali ku Nsanje, munamufunditsa nokha."

Ndinawaphikira tiyi, chifukwa munthu amene anabereka mwana wako mvula ikugwa sungamubweze ndi njala. Anamwa, anathokoza, n'kumapita ndi tsitsi lawo. Sipanatenge nthawi, anamwalira. Sichinali chaka cha chisankho, ndiye galimoto ya chipani sinabwere ndi imodzi yomwe. Anawaika ndi a mphakati, m'bokosi wamba, mtanda patsogolo, kwaya ikuimba mpaka kumanda. Ine ndinaimba nawo, koma mtima unkandiwawa, ndipo ndinachita nsanje, Mulungu andikhululukire. Maliro amene anapempha agogo anu anakagwera a Chikopa.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'choti mawu aja anali ochepa. Akananena pansi pa mango paja, anthu akanaseka pang'ono, akanametedwa, Loweruka bawo likanalira pakhonde pano. Ndipo tsiku la maliro mwina akanaima pakati n'kunena kuti uyu ndi mnzanga, lole apite nayo koma nsalu ayi. Anataya mnzawo poteteza munthu woti ndi dzina lawo lomwe sankalidziwa.

Ndiye ine pempho langa ndi limodzi lokha, kuti lisadzalimbane ndi lina. Mumve nonse atatu, abambo anu ndinawauza kale. M'sutikesi muja, pansi pa makina, muli nsalu yoyera yopanda chilembo. Ndikadzafa, kaya chidzakhala chaka cha chisankho, mudzandifunditse imeneyo. Lole ikadzabwera ndi nkhope ya munthu mudzaibweze, mudzandiike konkuno ku Bangwe, mtanda patsogolo. Ndikudziwa kuti zikatero sindidzagona pafupi ndi mwamuna wanga. Ndinalira nazo, ndinavomera.

Tenga kagalasiko, Tadala, udzione. Mbali iyi ndamaliza, mizere yake yoongoka bwino, inayi ikanali tchire. Usandiyang'ane choncho. Woti umuvotere sindikuuza, ndipo nawe usadzandiuze. Munthu ali pachifuwa pakoyo zabwino zake wandiuza kuyambira m'mawa, zina ndikuvomereza ndithu, ntchito kwa achinyamata ikufunikadi. Tsopano tandiuza chimodzi chokha chimene amalakwitsa. Inu awirinu musaseke, mubwera pambuyo pake.

Ulusi ndauika pansi, mdzukulu wa a Zuze. Ndikudikira.